Kabuku ka mafilimu ka ku Chapter: kuyankha mayi wa ku Cardiff

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anafika ku Cardiff chaka chatha. Dzina lawo ndalisunga, koma anandilola kuti ndiwayankhe poyera, poti funso lawoli ena ambiri ali nalo mumtima. Ndalidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo basi yanga imadutsa ku Canton. Tsiku lina mvula itandipanikiza ndinakausa m'nyumba ina yotchedwa Chapter, n'kutolako kabuku ka mafilimu amene awonetse mwezi ukubwerawu. Palibe ngakhale imodzi imene ndinaimvapo. Pambali pa dzina lililonse pali timalemba ndi manambala: 12A, 15, AD, Q&A, Relaxed. Ndili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 14, atopa ndi kubindikira m'nyumba. Kodi malo amenewa ndi oti ife n'kulowamo, kapena ndi a azungu ophunzira okhaokha? Nanga ndisankhe bwanji?"

Achemwali, zikomo polemba. Pitani, ndipo anawo muwatenge. Koma musanagule tikiti tiyeni tiwerengere limodzi kabukuko, chifukwa muli timisampha timene ine tinandikola kale.

Ndiyambe ndi manambala, poti m'pamene ndinachitira manyazi. Zaka zingapo zapitazo ndinatenga mwana wa mchemwali wanga kupita naye kokaonera filimu kumalo ena, osati kwanuko. Mnyamatayo anali ndi zaka 14, koma wamtali kundiposa, tindevu titayamba kale kumera ngati udzu wa mvula yoyamba. Filimu imene tinkafuna inali ndi 15 pambali pake. Ine ndinkayesa nambalayo ndi malangizo chabe, oti kholo likhoza kuwadumpha. Mtsikana wogulitsa matikiti anamuyang'ana n'kumufunsa zaka zake. Iye, poti ndi mwana woleredwa bwino, ananena zoona. Mtsikanayo anangopukusa mutu mwaulemu. Ndinayesa kuchonderera: ndine malume ake, kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndalola ndine. Ayi ndithu. Tinathera pakashopu ka tchipisi, mvula ikuwaza, mnyamata atatupa masaya ngati lamulolo ndinalemba ndine.

Manambalawa amaika ndi bungwe la BBFC, limene lakhala likuunika mafilimu ku Britain kuyambira 1912. U ndi ya aliyense. PG nayonso aliyense amalowa, kungoti kholo liyambe laganiza. Iwowo amati mwana wa zaka 8 kupita m'tsogolo sayenera kusokonezeka nayo, ndiye wanu wamng'onoyo ali bwino, pokhapokha ngati ndi uja amalota usiku akaona chilombo. Pa 12A mwana wosafika zaka 12 amaloledwa ngati ali ndi munthu wamkulu. Koma 15 ndi 18 ndi khomo lotseka: wosafika zakazo salowa, kaya ali ndi mayi ake, kaya ndi agogo ake, kaya tsiku lake lobadwa ndi mawa. Choncho wamkuluyo mafilimu a 15 awadikire. Ndipo akadzakwanitsa, azinyamula chiphaso, chifukwa amafunsa.

Pa 12A pali chinthu chimodzi choti musaiwale. Kuloledwa kulowa sikutanthauza kuti filimuyo ndi ya mwana wa zaka 9. Mafilimu ena a 12A ali ndi nkhondo, imfa, kapena nkhani zoti inuyo mungayambe kuyang'ana pansi mwana ali pambali panu. Lembani dzina la filimuyo pa webusaiti ya BBFC, mupeza mzere waufupi wonena chifukwa chimene anaipatsira nambalayo: chiwawa, kutukwana, zogonana, zoopsa. Ndi ntchito ya mphindi imodzi muli m'basi. Mukaona TBC pamalo pa nambala, ndiye kuti pamene kabukuko kankasindikizidwa nambala inali isanatuluke. Muonenso tsiku likayandikira.

Timalemba tinato sitovuta. AD ndi ya anthu osaona bwino: amapatsidwa mahedifoni, munthu n'kumawafotokozera zimene zikuchitika pakanema, inu ena simumva chilichonse. Pamene alemba Captioned kapena Subtitled pafilimu yoti ndi ya Chingerezi kale, ndiye kuti mawu onse amalembedwa m'munsi, ngakhale kulira kwa chitseko, kuti ogontha atsatire. Ine zimenezi ndimazifuna dala. Chingerezi cha ku Glasgow kapena cha ku Liverpool sichija tinaphunzira ku sekondale, ndipo ndinasiya kalekale kunamizira kuti ndikumva zonse. Q&A ndi yoti filimu ikatha magetsi amayaka, wopanga filimuyo kapena katswiri wina n'kukhala kutsogolo kuyankha mafunso; muwonjezere theka la ola pa nthawi yanu, ndipo sakakamiza munthu kufunsa. Mukaona NT Live, chimenecho ndi chisudzo chojambulidwa pasiteji, ku National Theatre ku London kapena m'nyumba ina ya zisudzo. Anayamba zimenezi mu 2009, tikiti yake imakwererapo, ndipo chimatalika mpaka kupumira pakati.

Relaxed ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa akanandiuza msanga bwenzi ndikupita ndi ana kalekale. Pachiwonetsero chotere magetsi sazimitsa onse, phokoso amalichepetsa, ndipo munthu akhoza kudzuka, kutuluka, kubwereranso, ngakhale kuyankhula, popanda womuyang'ana ndi diso loipa. Anakonzera makamaka anthu amene ali ndi autism ndi ena amene mdima ndi phokoso zimawasautsa, ndipo malo ambiri amakhalanso ndi masiku a anthu odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba. Inu amene mumasamalira okalamba, pamenepa mutchere khutu. Kulinso kakhadi kotchedwa CEA Card: munthu wolumala amene ali nako akagula tikiti, womuperekeza amalowa ulere. Mwina wina mwa amene mumawasamalira ali nako kale m'kachikwama, kakungogona.

Tsopano ku dandaulo lanu lenileni, loti mafilimuwo simunawamvepo. Zimenezo si kusadziwa kwanu. Anawasankha dala choncho.

Ine ndinakulira ku Ndirande, nthawi imene Malawi analibe wailesi ya kanema yakeyake. TVM inadzayamba mu 1999. Kanema wathu anali vidiyo sho: kachipinda kofolera malata, chiguduli pakhomo m'malo mwa chitseko, mabenchi a matabwa, mkatimo fungo la thukuta ndi nzimbe. Panja pankakhala bolodi, ndipo m'mawa uliwonse mwini wake ankalembapo ndi choko mafilimu a tsikulo ndi nthawi zake, masipelo atakhotakhota. Munthu uja anali ndi matepi ochepa ndi TV imodzi, ndiye ankayenera kuganiza. Karate masana, ana akaweruka. Yachikondi ya ku India Lamlungu. Yankhondo madzulo, amuna akabwera kuntchito. Nthawi zina ankaika yosadziwika n'kuima pakhomo kulumbira kuti tikapanda kuikonda atibwezera ndalama, chinthu chimene sanachitepo n'kamodzi komwe. Kabuku kamene muli nakoko ndi bolodi lomwe lija, kungoti lasindikizidwa papepala losalala. Kuseri kwake kuli munthu, kapena anthu awiri atatu, amene ntchito yawo ndi kuonera mafilimu ambirimbiri n'kusankhapo ochepa.

Malo akuluakulu ngati Odeon, Vue ndi Cineworld ali ndi zipinda zambiri, ndipo amadalira mafilimu otchuka a ku America, imodzi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka usiku kwa masabata. Chapter ili ndi zipinda ziwiri zokha za kanema. Nyumba ya njerwa zofiira imene munausamoyo inali sukulu; anthu aluso a mumzindamo anaisandutsa malo a zaluso mu 1971, ndipo mpaka lero si kampani yofuna phindu. Ndi iyonso imene imatsogolera Film Hub Wales, gulu la malo owonetsera mafilimu m'dziko la Wales limene limalandira thandizo ku British Film Institute, ndalama zake zochokera ku National Lottery. Cholinga cha ndalamazo ndi chakuti mafilimu amene amalonda sangawagwire n'komwe apeze chipinda ndi anthu: a ku Iran, a ku Senegal, a ku Korea, akale amene awakonzanso, a m'Chiwelshi. Paja mwaona kuti kabukuko kali m'zinenero ziwiri. Chimene chinandiseketsa ine tsiku loyamba n'chakuti m'Chiwelshi amalemba kuti sinema, ndendende mmene akanalembera mwini vidiyo sho wa ku Ndirande.

Kuchepa kwa zipindaku kuli ndi zotsatira zake pa inu. Filimu sikhalitsa. Ku Britain mafilimu atsopano amatuluka Lachisanu, ndipo pamalo ngati amenewa ina imakhala sabata imodzi, ina masiku atatu, ina usiku umodzi basi. Mukati "ndidzapita ndikalandira", mudzapeza mphika atatsuka kale. Tengani kabukuko limodzi ndi rota yanu ya kuntchito, muziike pathebulo, muzungulize ndi cholembera masiku amene zikugwirizana. Kusankha kwenikweni kumayambira pamenepo, chifukwa mwa mafilimu onsewo amene angakumane ndi tsiku lanu lopuma mwina ndi anayi okha. Ubwino wina ndi woti mafilimu otchuka nawonso amafikako, nthawi zina patapita masabata angapo chitulukireni, ndiye amene ana anaphonya kwina akhoza kuwapeza kumeneko.

Pansi pa dzina la filimu pamakhala kamzere ka tizilembo ting'onoting'ono: dziko limene yachokera, chaka, kutalika kwake m'mphindi, ndi dzina la wotsogolera. Ambiri amakadumpha, koma ine ndi kamene ndimayamba kuwerenga, makamaka mphindizo. Ndinalowapo filimu ya maola atatu nditangoweruka shifiti ya usiku, ati yotamandika kwambiri, yopambana mphoto. Ndimakumbukira munthu akuyenda m'chipale chofewa. Kenako ndimakumbukira mayi wina wachikulire akundigwedeza paphewa, magetsi atayaka, chikhoto changa chili pansi. Musayambe ndi yotere. Yambani ndi ya mphindi 90 kapena 100, masana, mutagona mokwanira. Kandime kofotokoza nkhani ya filimuyo nakonso kali ndi chinenero chake. Akamati ndi yofatsa, yosinkhasinkha, yandakatulo, akutanthauza kuti imayenda pang'onopang'ono, anthu amayankhula mwa apo ndi apo. Si yoipa, ena mwa mafilimu amene sindiwaiwala ndi oterowo, koma si yopita nayo ndi mwana wa zaka 9.

Kwa anawo, yang'anani Loweruka m'mawa ndi sabata za holide ya sukulu. Malo ambiri otere amaika mafilimu a banja nthawi zimenezo, ndipo kawirikawiri pamtengo wotsika. Makatuni a ku Japan amabwerabwera, ndipo amawonetsedwa mwa njira ziwiri, ndiye muwerenge bwino. Subtitled ndi ya m'Chijapani, mawu a Chingerezi ali m'munsi. Dubbed ndi yoti anachotsa mawu a Chijapani n'kuikapo a Chingerezi, ngati mmene anyamata akumudzi kwathu amamasulira mafilimu a ku China m'Chichewa, kungoti kuno saikamo nthabwala zawo kapena kupereka moni kwa anzawo a kumsika. Wamng'onoyo mutengereni Dubbed. Wamkuluyo muyeseni ya mawu a m'munsi. Adzanyinyirika mphindi khumi zoyamba, kenako adzaiwala kuti akuwerenga.

Pali chifukwa china chimene ndikulimbikira kuti mupite, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa zonsezi. Mafilimu a kwathu akafika ku Ulaya, khomo lawo limakhala malo ngati amenewa. Mumzinda womwe mukukhalawo munakulira Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, amene anapita ku Wales ali kamtsikana. Filimu yake ya 2017, I Am Not a Witch, anaijambula ku Zambia, ndipo inapambana BAFTA, mphoto yaikulu ya mafilimu ku Britain, mu 2018. Ndi nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, kotumizidwa kumsasa wa amayi otchedwa mfiti, aliyense atamangidwa kansalu koyera kumsana kuti asauluke. Ine ndinaionera m'chipinda chodzaza azungu. Mkati mwake muli Chinyanja, ndipo munthu wina atayankhula ndinaseka ndekha, mokweza, mawu a Chingerezi asanatuluke m'munsi. Anthu anaseka pambuyo panga. Zaka zonse ndakhala kuno, ndinali ndisanakhalepo woyamba kumva nthabwala m'chipinda. Ndikufuna ana anu adzalawe zimenezo, adzamve chinenero cha kukhitchini kwa mayi awo chikutuluka m'masipika aakulu, anthu atalipira kuti achimve. Filimu yake yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl ya 2024, inamupatsa mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France; ndi ya maliro ndi zinsinsi za m'banja, yambiri ili m'Chibemba, ndipo mudzazindikira azakhali onse amene ali mmenemo. Imeneyo mupite nokha kapena ndi mnzanu, ana atsale.

Za ku Malawi kwenikweni sizibwera kawirikawiri. The Boy Who Harnessed the Wind, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ambiri tinaionera pa Netflix mu 2019, tikumwetulira ndi Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, wosewera ngati bambo ake a William, amene anayesetsa ndithu, tisamunyoze. Koma kwathu kuli opanga mafilimu akeake. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inakhala yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Mafilimu otere Odeon siwadziwa. Amayenda kudzera m'zikondwerero za mafilimu a ku Africa: Watch-Africa kwanuko ku Wales, Afrika Eye kuno ku Bristol kumene ndimakhala, ndi Film Africa ku London. Mwezi wa Okutobala, umene kuno amakumbukira mbiri ya anthu akuda, kabukuko muzikayang'ana ndi maso awiri.

Ndipo pemphani. Ili ndi phunziro limene ndinachedwa nalo. Ku kampani yaikulu, wogulitsa tikiti alibe mphamvu pa zimene zikuwonetsedwa, zimachokera kulikulu. Pamalo aang'ono wosankha mafilimu amakhala m'nyumba momwemo, mwina ndi uja akumwa khofi pathebulo la pakona. Mukamulembera kuti kuno kuli Amalawi ndi anthu a ku Zambia okwana kudzaza mizere ingapo, ndipo tikufuna filimu yakutiyakuti, amamva, chifukwa mantha ake aakulu ndi chipinda chopanda anthu. Filimu sabwereka ulere, amalipira kwa eni ake, ndiye amafuna kudziwa kuti kubwera anthu. Mwana wosalira amafera pambereko. Kungoti mukapempha n'kukupatsani, mubwere ndithu, ndi gulu lonse la kutchalitchi. Tisachite zija timavomera pa WhatsApp anthu makumi atatu n'kufika anayi.

Mwafunsa ngati ndi malo a azungu ophunzira. Sindikunamizani: masiku ena mudzakhala anthu akuda nokha m'chipindamo, ndipo masana a pakati pa sabata mitu yambiri imakhala ya imvi. Koma palibe amene adzakufunseni sukulu, ndipo zovala ndi zomwezo munausa nazo mvula. Kumalo odyera mwaonako kale, kumakhala amayi ndi tingolo ta makanda, ophunzira ndi malaputopu awo, agogo akuwerenga nyuzi. Chipinda cha zojambulajambula amalowa ulere, ndiye mukafika msanga anawo azungulire kumeneko. Chachilendo chenicheni kwa ife ndi bata. Ku vidiyo sho tinkathandiza msilikali kumenya, tinkachenjeza mtsikana kuti asatsegule chitseko, wina amene anaionera dzulo akufotokoza zimene zichitike. Kuno filimu ikayamba kumati zii, ngati pamaliro abusa asanafike, ndipo foni ikawala anthu amatembenuka. Auzeni anawo muli panjira. Kuseka kokha n'kololedwa, sekani mmene mungathere.

Pa mtengo, musachite manyazi kufunsa pakauntala kuti yotsika mtengo ndi iti. Ana, ophunzira ndi opeza movutikira amakhala ndi mtengo wawo, ndipo masana nthawi zambiri amatsikirapo kuyerekeza ndi madzulo. Za umembala musathamangire. Pitani kaye kawiri katatu muone ngati mwazolowera. Filimu ya usiku umodzi kapena ya Q&A, gulani tikiti pa intaneti tsiku lisanafike, chifukwa zipinda ndi zazing'ono, zimadzaza. Musawerengerenso kuti zotsatsa malonda zitenga nthawi yaitali ngati kumalo akuluakulu. M'malo otere zimakhala zochepa, ndipo nthawi ya Chimalawi idzakulowetsani mumdima filimu itayamba, mukuponda anthu mapazi.

Ndikanakhala inu, ulendo woyamba ndikanasankha ya U kapena PG, Loweruka m'mawa, yosapitirira mphindi 100, n'kusiya wa zaka 14 kuti asankhe yachiwiri yekha pakati pa za 12A. Ulendo wachitatu ukhale wanuwanu, tsiku limene ana ali kusukulu, filimu ya dziko loti simungaliloze pamapu. Ndipo tsiku limene mudzaone m'kabukumo dzina la Malawi kapena Zambia pakamzere kang'ono kaja, jambulani tsambalo munditumizire. Sitima ya ku Bristol kufika ku Cardiff ndi pafupifupi ola limodzi, ndipo mnyamata uja ndinadya naye tchipisi pamvula tsopano ndi bambo wandevu zenizeni, palibe angamubweze pakhomo.